Kansalu kamene ndinadula m'chiuno mwa amayi anu

Inu ana, senderani kuno, khalani pansi. Ndikudziwa kuti simunabadwe. Amayi anu ali ndi zaka khumi ndi zitatu zokha, ndipo pamene ndikulemba pano ali kuseri kwa katani, akulimbana ndi masamu. Ine amene mudzanditchule kuti agogo ndili ndi imvi ziwiri basi, nazonso ndimazizula zikangotuluka. Koma ndatumidwa kuti ndikulembereni, ndipo wondituma sindingamukanire. Kaya mudzakhala mukudziwa Chichewa, kaya mudzachita kupempha foni kuti ikutanthauzireni, zimenezo ndi zanu ndi amayi anu. Ine ndalemba m'chilankhulo chimene ndinanamira.

Mundilole ndizingoti Tadala, poti kwa ine amayi anuwo ndi mwana. Papita masabata asanu Tadala osandilola kugwira tsitsi lake. Amandipatsa moni, amatsuka mbale, ndikamutuma amapita, koma kuluka amakalukitsa kwa aneba. Inu mudzaona ngati n'zazing'ono. Dikirani mumve.

Ine ndi agogo anu aamuna tinabwera ku Joni kumayambiriro kwa 2008. Ndinanyamula satifiketi ya ukalaliki ya ku koleji ina ya ku Blantyre, yoikidwa bwinobwino m'pulasitiki, ndipo ndinkaganiza kuti ndikangoitulutsa mabwana a kuno andikokera mpando. Ili pansi pa matiresi mpaka lero. Ntchito imene ndinapeza inali yosita ndi kupinda makatani pa shopu ina yosoka ku Mayfair. Agogo anu anapeza ganyu ku fakitale ku Kya Sand. Kumeneko n'kutali, ndiye ankagona komweko m'kashaki ka malata ndi anzawo, n'kumabwera kuno ku Yeoville Loweruka. Chipinda chathu chinali chimodzi chogawa pakati ndi katani, sitovu ya parafini pakona, madzi kumakatunga kubafa la anthu onse. Inu mwina mudzakulira m'nyumba yoti aliyense ali ndi chitseko chake. Musadzanyade nazo, chitseko chimabisa zambiri.

Tadala tinamusiya kumudzi atangosiya kuyamwa. Kwathu mwana amasiyidwa kwa amayi a mkazi, koma amayi anga anali atamwalira kale, ndiye anapita kwa apongozi anga, aNambewe, ku Ntcheu. Anali mayi wamfupi, wosadziwa kuwerenga, koma nyimbo za kutchalitchi anali nazo zonse pamtima. Ankasoka pamanja ndi ulusi wosolola ku thumba la feteleza. Ndivomere pompano kuti ndinkawaderera. Akayamba kupemphera pemphero lawo lalitali lotchula mbuzi ndi nkhuku, ine ndinkati mumtima, awa Mulungu amamudziwa mwachimudzi.

Tisanathe miyezi ingapo kuno, kunabuka chipwirikiti chija chothamangitsa alendo. Tinakhala masiku angapo osatuluka, osalankhula Chichewa mokweza. Chipwirikiticho chinatha, koma mwa ine sichinathe. Foni ikalira, ndinkayamba ndaika maliro m'mutu ndisanayankhe. Agogo anu akachedwa theka la ola, ndinali nditawaona kale atagona m'ngalande, nditasankha ndi nyimbo ya pamaliro. Ndipo choipa kwambiri, ana inu, n'chakuti mantha amenewa ndinkawatcha Mzimu. Ndinkati Mulungu akundionetsa.

Mafoni a nthawi imeneyo musawaganizire ngati anuwa oonana nkhope. Tinkagula kakhadi, kukanda ndi chikhadabo, kuimbira mphunzitsi wina wa pamudzipo, iye n'kuyenda ndi foniyo mpaka kwa aNambewe mayunitsi akutha. Ndinkamva akunena kuti, "Tadala, lankhula ndi amayi ako." Kenako zii. Ndinkangomva kupuma kwa mwana, ndi tambala akulira chapatali. Zaka zinayi ndinalera mwana wanga pomvetsera kupuma kwake.

M'zaka zimenezo ndinalowa mpingo wina umene unkakumana pamwamba pa shopu ya mipando kuno ku Yeoville. Mtsogoleri wake tinkangoti Papa. Dzina lake sinditchula, chifukwa nkhani ino si yake. Luso lake linali limodzi: munthu wamantha ankamuuza kuti mantha akewo ali ndi dzina, ali ndi mudzi, ali ndi nkhope. Ukamva choncho umapepukidwa, umaona ngati wachira. Baibulo ndinali nalo, lachikuto chakuda, koma ndinkalitsegula pokhapo pamene Papa wanena, n'kulitseka iye akatseka.

Mu 2012 tinaganiza zoti Tadala abwere adzayambe sukulu kuno. Ife kupita kukamutenga sikukanatheka, ntchito ikanatha. Ndiye anabwera ndi matransipota. Awa anali amuna oyenda ndi mabasi pakati pa Joni ndi kumudzi, onyamula chilichonse: mabulangete, mafuta ophikira, njinga, malata, makalata, ndi ana a eni ake. Ulendo unali wa masiku atatu, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, mpaka Beitbridge, kutsika ndi kukwera pa malire aliwonse, mwana wazaka zisanu ndi chimodzi ali m'manja mwa munthu amene sanamuonepo. Ife tonse tinkatero, ndipo tinkati n'zabwinobwino.

Anafika mu Juni, kuzizira kwa kuno kuja kolowa m'mafupa. Anatsika atavala juzi yaikulu yofika m'mawondo, atakumbatira jumbo ya mtedza wokazinga. Ndinamuthamangira manja ali tambasu. Iye anagwada pa simenti yozizira ija n'kunena kuti, "Muli bwanji, anti?"

Tsiku lomwelo pomusambitsa m'beseni ndinaona chingwe m'chiuno mwake. Pachingwepo panali kansalu kabuluu kosokedwa mbali zonse, kukula kwake ngati bokosi la machesi, kolimba pang'ono ukakakhudza.

"Ichi n'chiyani?"

Anakagwira ndi manja onse awiri. "Agogo anati ndisavule."

"Chifukwa chiyani?"

"Anati ndisavule."

Kwathu kansalu kotere m'chiuno mwa mwana aliyense amadziwa dzina lake: chithumwa. Ndinamupukuta n'kumuveka. Masiku otsatira Tadala ankakodza pogona. Buledi wa poloni amene ndinkamugulira monyadira ankangomununkhiza. Ankakhala moyang'ana khoma, dzanja lili m'chiuno pa kansalu kaja, n'kumati, "Ndikufuna kwathu." Lero ndikuona bwinobwino kuti uyu anali mwana wochotsedwa kwa mayi yekhayo amene ankamudziwa, n'kuponyedwa m'chipinda chozizira cha anthu achilendo. Kunalibe china. Koma m'mutu mwanga munatsegulidwa khoti, ndipo woweruza, mboni ndi wapolisi ndinali ine ndemwe. Sakunditchula amayi chifukwa anamutseka pakamwa. Sakudya chifukwa akudya kwina. Akufuna kwawo chifukwa chingwecho chikumukoka. Chilichonse chimene mwana ankachita chinkalowa bwinobwino m'mlandu wanga.

Loweruka agogo anu atabwera ndinawauza. Anaseka kaye, kenako ataona nkhope yanga anasiya.

"Mayi a Tadala, amayi anga sapita kwa sing'anga. Mukudziwa inunso."

"Ndiye ichi chachokera kuti?"

"Tiwafunse."

Anaimba, mphunzitsi uja anayenda ndi foni, ndipo ndinamva mawu a aNambewe akutuluka pang'onopang'ono: "Aa, kaja? Muli kapepala chabe. Tsegulani muone."

Agogo anu anandiyang'ana. Ine ndinati, "Mumafuna anene kuti chiyani? Kuti muli mchira wa fisi?"

Lamlungu ndinapita ndi Tadala kwa Papa. Agogo anu anakana kubwera, koma sanandiletse, ndipo zimenezo akudziwerengera okha. Kunali masana, dzuwa likulowa pa mawindo, anthu odzaza mpaka pa masitepe. Papa anangoona kansaluko n'kubwerera m'mbuyo ngati waona njoka. Anati mwanayu anadyetsedwa, anati agogo ake amamutenga usiku. Anafunsa ngati pali amene ali ndi mpeni. Ine ndinali ndi sizasi ya kuntchito m'chikwama. Ndinadula ndekha. Tadala anakuwa, anandikanda m'manja, amayi awiri anamugwira.

Kenako Papa anagwada n'kumuika maikolofoni pakamwa.

"Agogo ako amakutenga usiku, eti? Mumauluka?"

Mwana ankangolira.

"Nena! Usaope! Mumauluka?"

Anafunsa kachitatu, kachinayi, kiyibodi ikulira, anthu akufuula. Tadala anasiya kulira. Anatembenuka n'kuyang'ana ine, munthu yekhayo m'chipinda monsemo amene anauzidwa kuti ndi mayi wake. Ankafunsa ndi maso kuti ayankhe chiyani.

Ndinagwedeza mutu.

"Eya," anatero. Anthu anaimba nthungululu.

Ana inu, cholembera chandithawa m'manja apa, ndayamba ndamwa madzi. Pali zambiri zimene ndingakankhire kwa Papa, kwa mantha, kwa Joni. Mutu uja unali wanga.

Papa analamula kuti mwana asale kudya masiku atatu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndinaonetsetsa kuti zatheka. Za kansaluko anati ndisayerekeze kutsegula, ndikakataye m'madzi oyenda osacheuka. Tsono madzi oyenda ku Joni ukawapeza kuti? Timitsinje ta kuno timayenda pansi pa simenti, ndipo kumene timaonekera mkazi sapita yekha. Ndinakaika m'botolo la mayonezi, kuthira mchere, kutseka, kuika m'chikwama, n'kumati ndikataya mawa. Kunyumba ndinkaopa kukasiya, kutaya m'bini ndinkaopa kuti kabwerera. Aliyense, ndi agogo anu omwe, ndinamuuza kuti ndinataya.

Ndinaletsa Tadala kulankhula ndi aNambewe pa foni. Ndinachitira umboni kwa amayi a mumpingo, iwo anauza amuna awo, ena mwa amunawo anali matransipota, ndipo pasanathe mwezi ku Ntcheu kunali kutamveka kuti aNambewe anaphunzitsa mdzukulu wawo ufiti.

Botolo lija ndinayenda nalo m'matekisi miyezi inayi. Mu Okutobala, misewu itafiirira ndi maluwa a jakaranda, chikwama changa chinagwa patebulo kuntchito, botolo n'kugubuduzika mpaka pamapazi a mai Chipo. Awa anali telala wamkulu pashopupo, wobadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, bambo awo ochokera ku Dedza. Chinyanja chawo chinali chakale, chosakaniza ndi Chishona ndi Chizulu. Kutchalitchi sankapita, fodya wamphuno ankanunkhiza, ndipo ine ndinkawapempherera mokweza kuti amve. Iwo ankangonditchula kuti Satifiketi.

"Satifiketi, ukufutsa chiyani m'botolomu?"

"Musakhudze, mai Chipo! Ndi chithumwa."

"Cha ndani?"

Ndinawafotokozera zonse, monyadira ndithu, ngati msilikali wochokera ku nkhondo. Anamvetsera akupukusa botolo lija pafupi ndi khutu.

"Unatsegula?"

"Ayi."

"Nanga wadziwa bwanji?"

"Papa anaona mu mzimu."

"Hayibo. Iye anaona mu mzimu. Iwe uli ndi maso awiri ndi sizasi." Anatsegula botolo, kukhuthula mchere patebulo, n'kunyamula kansalu kaja kukaika pa kuwala. "Taona kasokedwe aka. Ulusi wa thumba la feteleza, wabwereza kawiri kuti madzi asalowe. Munthu uyu anakhala pansi. Wosoka zoipa amasoka mothamanga."

Ndinayamba kupemphera mokweza. Iwo anatenga lezala n'kudula ulusi umodziumodzi, mwaulemu, osang'amba nsalu. Mkati munali kapulasitiki kodula ku paketi ya shuga. M'kapulasitikimo munali pepala la m'kope ya sukulu, lopindidwa kambirimbiri.

"Magalasi ndasiya kunyumba," anatero. "Werenga. Si ndiwe wa satifiketi?"

Zolembazo zinali za mphunzitsi uja, koma mawu anali a aNambewe, ndinkachita kuwamva: "Mwana uyu dzina lake ndi Tadala. Akuchokera ku Ntcheu, akupita ku Joni kwa amayi ake ndi abambo ake. Ngati mwamupeza atasochera panjira, imbani manambala awa. Mumupatse madzi ndi chakudya, amaopa kupempha. Mulungu amene amaona ana adzakukumbukirani." Pansi pake panali manambala awiri, yanga ili pamwamba. Kuseri mphunzitsiyo anayesetsa kulemba zomwezo m'Chingerezi, kuti ngakhale wa ku Beitbridge amve.

Amaopa kupempha. Ndipo ine ndinamumana chakudya masiku atatu, iye osapempha.

Mai Chipo ananunkhiza fodya wawo, n'kuyetsemula. Anati bambo awonso pochoka ku Dedza wapansi, amayi awo anawasokera dzina la mudzi m'kolala ya jekete, kuti akafera panjira anthu adziwe kotumiza uthenga. Kenako anati, "Sesa mcherewu. Ukaweruka ukamuuze mwana, uimbirenso apongozi ako."

Ndinati ndikachita mawa.

Mawa ameneyo anatenga zaka zisanu ndi ziwiri. Apa ndi pamene pali manyazi anga enieni. Kulakwa koyamba ndinalakwa ndili mumdima, koma uku ndinalakwa magetsi akuyaka. Mukafunsa chifukwa, ndikuuzani mosabisa. Tadala anali atayamba kunditchula kuti mama. Anali atasiya kufunsa za agogo ake. Ndinaopa kuti ndikamuuza zoona, abwerera kwa iwo ndi mtima wake wonse, ine n'kukhalanso anti. Pepala lija ndi kansalu kake ndinaziika m'pulasitiki momwe muli satifiketi, pansi pa matiresi, ndipo ndinkagona pamwamba pake.

Kwa Papa ndinachoka mwakachetechete, ndinanamizira phokoso kuti limandipweteka mutu. Tinalowa mpingo wa anthu akumudzi umene umakumana m'holo ya sukulu, wopanda zozizwitsa, woimba nyimbo zomwe zija za aNambewe. Kumeneko ndinayamba kuwerenga Baibulo ndekha, ndipo linandivuta. Pali malo amene amatchula zinthu zoti Mkhristu aziganizira, ndipo choyamba kutchulidwa ndi zinthu zoona. Sanayambe ndi zoopsa kapena zimene zingachitike. Ine zaka zonsezo ndinkadyetsa mutu wanga zimene zingachitike, n'kumazitcha chikhulupiriro. Pali lamulo loletsa kuchitira mnzako umboni wonama, limene ndinaloweza ndili mwana, ndimaganiza kuti ndi la anthu a kukhoti. Ndipo pali mawu aja a Ambuye onena za munthu wolakwitsa kamwana, kuti kuli bwino amumangirire mwala wamphero m'khosi. Tsamba limenelo ndinkalidumpha ngati chithaphwi.

Ndipo taonani mmene munthu wobisa bodza amalerera mwana. Ndinakhala mayi wolusa pa nkhani ya kunama. Tadala akati wasamba m'manja asanasambe, ndinkamugwaditsa. Tsiku lina, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anadya kota, buledi wa kuno wothiramo tchipisi ndi poloni, ndi anzake pobwera kusukulu n'kukana, mafuta akunyezimira pamilomo. Ndinamukwapula ndi patapata, ndikumuuza kuti Mulungu amadana ndi milomo yonama. Ndinkamenya ine ndemwe pa thupi la mwana. Inu mukadzaona amayi anu akukukalipirani mopitirira pa kanthu kakang'ono, mudzawafunse mwaulemu kuti, "Mama, kodi pansi pa matiresi pali chiyani?" Mudzathawe mukangofunsa.

ANambewe anamwalira mu 2015, nthawi ya mvula. Agogo anu anapita okha. Atabwerera anaika chikwama pansi, n'kukhala pabedi osavula nsapato.

"Maliro anayenda bwanji?"

"Anayenda. Koma anthu ena amanong'ona. Amayi ena sanalowe m'nyumba ya siwa. Nkhani yathu ija."

Anakhala pamwamba penipeni pa pepala lija. Ndinatsegula pakamwa, n'kufunsa ngati ndiwatenthetsere madzi osamba.

Tsopano tifike chaka chino cha 2019. Tadala analowa kalasi ya ubatizo, ndipo abusa anapempha kuti aliyense wobatizidwa anene mwachidule zimene Mulungu anamuchitira. Loweruka masana, ubatizo uli mawa lake, ndinkamuluka tsitsi. Anakhala pa kireti pakati pa miyendo yanga, ine pabedi, chipeso chili m'kamwa. Kuluka ndi nthawi imene ine ndi iye tinkacheza bwino, mwina chifukwa sitinkaonana nkhope.

"Mama, ndikuwerengereni testimoni yanga?"

"Werenga."

Anawerenga pa foni, mawu ali m'mwamba ngati ali kale kutsogolo. "Ndili mwana, agogo anga anandiphunzitsa ufiti. Ankanditenga usiku. Koma Mulungu anandipatsa mayi wopemphera, amene anandimenyera nkhondo..." Anaima. "Eish, mama, mukukoka kwambiri."

Manja anga anali atauma m'tsitsi mwake. Mawa mwana wanga akanaima pamaso pa Mulungu ndi pa mpingo, n'kulowa m'madzi a ubatizo atanyamula bodza langa, akuliyesa umboni. Ndinaganiza zoti ndingomuuza kuti nkhani imeneyo ndi yakale, asankhe ina. Mawu anali okonzeka kale pa lilime. Zikanatheka ndithu, ndipo inu simukanalandira kope ino.

"Dzuka kaye," ndinatero.

Ndinatukula matiresi, kutulutsa pulasitiki ija, n'kumupatsa kansalu ndi pepala. Kansaluko anakazindikira nthawi yomweyo, anabweza dzanja.

"Mama! Munati munataya!"

"Ndinanama. Werenga."

Chichewa amawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anawerenga kawiri. Anatembenuza kuseri, anawerenganso Chingerezi chija.

"Munali ichi basi?"

"Ichi basi."

"Munadziwa liti?"

"Chaka chomwecho."

"Nthawi imeneyo agogo anali moyo?"

"Anali moyo."

Anayang'ananso pepalalo, theka la mutu lolukidwa, theka lili nyankhalala.

"Koma ine ndimakumbukira, mama. Ndimakumbukira tikuuluka."

"Sunauluke, mwana wanga. Unafunsidwa kanayi, unayang'ana ine, ine ndinagwedeza mutu. Zina zonse tinakuuza ndife, mpaka unayamba kuziona."

"Ndiye zija ndimakumbukira akunditsuka mapazi ndi mwala, akundiimbira..." Anapinda pepala lija. "Nthawi zonse zikabwera ndimazidzudzula. Ndimaganiza kuti ndi satana akufuna ndiwakonde."

Ana inu, ndinamvapo mawu opweteka kuno ku Joni, m'matekisi ndi m'misewu, m'zilankhulo zinayi. Palibe ofika pamenepo.

Nthawi yomweyo agogo anu analowa ndi jumbo ya nyama ya Loweruka. Tadala anangowapatsa pepala. Anawerenga ataimirira. Anaika nyama patebulo mosamala kwambiri, ngati ndi mazira.

"Amayi anga anati tsegulani muone," anatero. Sanakweze mawu. Anatuluka, n'kukakhala pa masitepe mpaka dzuwa kupendeka. Tadala anatenga chipeso chake n'kupita kwa aneba kukamalizitsa tsitsi.

Lamlungu ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Itafika nthawi yake, Tadala anapita kutsogolo wopanda foni. Anatulutsa pepala lija n'kuliwerenga lonse, kungosiya manambala. Kenako anati, "Awa anali agogo anga, aNambewe. Ena a inu munamva kuti anali mfiti. Sanali mfiti." Anthu anayamba kuyang'anana, poti ena m'holomo anali a kwathu konko, ndipo nkhaniyo anaimva kalekale. Tadala anakweza maso n'kundifunafuna mpaka anandipeza. Anandiyang'ana ndi maso omwe aja a zaka zisanu ndi chimodzi.

Ulendo uno kugwedeza mutu sikukanakwanira. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Ndine ndinayambitsa nkhani imeneyo. Inali yabodza. Ndinadziwa kuti ndi yabodza apongozi anga ali moyo, ndipo ndinakhala chete mpaka anaikidwa nayo m'manda." Panalibe nthungululu. Mayi wina anatsokomola. Abusa anayambitsa nyimbo, ndipo mwana wanga anabatizidwa.

Musaganize kuti zonse zinatha pomwepo. Agogo anu amandilankhula, koma mawu ake owerengeka. Anena kuti mu Disembala tonse atatu tikwera basi kupita ku Ntcheu, ndipo zimene ndinanena m'holo ndikazinenanso pabwalo la amayi awo, pamaso pa amayi aja amene sanalowe m'siwa. Ndikuopa. Mutu wanga wayamba kale kujambula nkhope zawo ndi zimene akanene. Koma masiku ano ganizo likabwera ndimalifunsa funso la mai Chipo: watsegula? Nanga wadziwa bwanji? Ambiri mwa maganizowo sayankha. Ndinakawauza mai Chipo kuti ndaulula. Anati, "Zaka seveni, Satifiketi? Makatani akanakhala akudikira iwe, tauni yonse ikanasamba poyera."

Sabata yatha Tadala anabwera ndi kope ino, yogula ndi ndalama yake ya kota, n'kuiponya pabedi.

"Lembani."

"Ndilembe chiyani?"

"Zonse. Kutchalitchi mwauza anthu a kutchalitchi. Ana anga akadzapita ku Ntcheu adzakumana ndi wina wokumbukira zakale. Ndikufuna adzakhale atamva kale kwa inu."

"Ana ako? Uli ndi zaka khumi ndi zitatu iwe."

"Ndiye muli ndi nthawi yolemba bwino. Osadumpha."

Ndiye wondituma ndi ameneyo. Ngati mwafika pano, mwadziwa kuti munali ndi agogo a amayi anu, dzina lawo aNambewe, osadziwa kulemba ngakhale dzina lawo, amene anakhala pansi ndi singano n'kuganizira za mwana wosochera pa malire a dziko limene iwo sanalionepo. Dzina limenelo muzilitchula mokweza. Ndipo mukadzakhala ndi ana anu, mukadzapeza pa iwo kanthu kamene simukukamvetsa, kaya ndi kansalu, kaya ndi kukhala chete, kaya ndi misozi yopanda chifukwa, musadzathamangire kwa munthu woti akuuzeni dzina la mantha anu. Tsegulani muone.

Katani yagwedezeka. Tadala wasuzumira, pensulo ili kukhutu.

"Mama, mwalemba zoti munagwedeza mutu?"

"Ndalemba."

"Ndi za patapata?"

"Ndi za patapata zomwe."

Waima pamenepo akundiyang'ana, kenako wakanda m'mutu.

"Shapu. Aneba aja amaluka mothina, mutu ukundiwawa. Mukamaliza mubwere mudzandimasule."

Ndasiyira pomwepa, ana inu. Ndikukafuna chipeso.